Kuikiza mawu a ambuya

Laputopu yanga inayamba kulira Lachiwiri lina usiku mu September 2024. Malaiti anali atangobwera cha m'ma 11 koloko ndipo nyumba yonse inadzuka ngati kwacha. Amama anathamangira kukasita, mng'ono wanga anagwira soketi ya pabalaza ndi foni yake, ine n'kuyatsa makina kuti nditsirize kutaipa ntchito ya kasitomala. M'malo moti Windows itseguke, ndinamva kaphokoso pansi pa chikhatho changa: tiki, tiki, tiki, kenaka zii. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Tiki, tiki, tiki. Ulendo wachitatu inatseguka, koma mwaulesi.

Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino, chifukwa ndinkadziyesa wochenjera. Mu kompyuta yanga munali malo awiri, C ndi D. Chilichonse chofunika ndinkachikopera ku D, mu foda yomwe ndinaitcha BACKUP m'zilembo zikuluzikulu. Mumtima ndinkati C ikadzafa, D idzatsala.

Mu foda imeneyo munali masatifiketi anga, zithunzi za ukwati wa asisi, ndi ntchito za anthu omwe ndimawataipira pa kashopu kena pafupi ndi msika wa Chisokone. Zonsezo zikanatayika ndikanadandaula sabata imodzi n'kuiwala. Koma munalinso mafailo 14 a mawu a ambuya.

Ndinabadwira kuno ku Kitwe ndipo ndakulira ku Chimwemwe. Panja timalankhula Chibemba monga aliyense wa ku Kopala, koma tikalowa pakhomo amama safuna kumva china kupatula Chinyanja. Kwathu ndi ku Katete. Ambuya, amene anabereka amama, anabwera ku migodi ali mtsikana chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, kutsatira amuna awo omwe anapeza ntchito pa mgodi wa Nkana. Anakhala ku Wusakile zaka zoposa 20, kenaka anabwerera kumudzi amuna awo atapuma pantchito.

Mu August 2019 ndinapita kumudzi nyengo ya Kulamba. Ku Mkaika ndinapitako tsiku limodzi lokha kukaona gule. Madzulo ena onse ndinkakhala pakhonde ndi ambuya, foni ili pakampando pakati pathu. Poyamba anakana. "Iwe mwana, mawu a nkhalamba ukawatani kutauni? Amagulitsa?" Koma atangoyamba sanafunenso kusiya. Anandiuza za ulendo wa pa lole kuchoka ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, mpaka ku Lusaka, ndi sitima yomwe inawafikitsa ku Kopala. Anakamba za sitalaka ya 1955, nthawi imene bungwe la anthu a m'migodi linkatsogoleredwa ndi a Lawrence Katilungu, mmene amayi a m'komboni ankagawanirana ufa amuna ali pakhomo osalandira. Anakamba za usiku wa ufulu mu October 1964. Anakambanso za ngozi ya ku Mufulira mu 1970, pamene anthu 89 anafera pansi, ndi mmene kuchokera nthawi imeneyo sankagona amuna awo akakhala pa shifiti ya usiku. Panali nthano za Kalulu, ndi nyimbo ziwiri za pamtondo zomwe anaimba akuseka mano awo otsala.

Failo ya nambala 9 inali yaifupi kuposa zonse. M'menemo ambuya anatchula maina a amayi a mbumba yathu, kuyambira iwo eni kubwerera m'mbuyo mibadwo isanu, aliyense ndi mudzi womwe anaikidwa. Ife Achewa timawerengera kuchikazi, choncho mzere umenewo ndiwo ine. Ndinati ndidzaulemba papepala ndikafika ku Kitwe. Sindinalembe.

Ambuya anamwalira mu 2021. Chaka chotsatira foni ija anandisolola mu minibasi. Kuyambira pamenepo mawu awo anatsala malo amodzi okha padziko lonse, mkati mwa laputopu ya salaula yomwe batire yake inali itafa kalekale.

Aliyense amene anali mu Zambia mu 2024 akukumbukira mmene zinthu zinalili. Mvula inakana, pa 29 February a pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko, ndipo madzi ku Kariba anatsika kwambiri. Magetsi athu ambiri amachokera ku madzi, ndiye pofika September makomboni ambiri ankaona malaiti maola atatu okha patsiku. Laputopu yopanda batire ili ngati wailesi ya pakhoma: malaiti akapita, nayonso imathima pomwepo, ngakhale ili pakati polemba failo. Yanga inathima chomwecho kambirimbiri chaka chimenecho, ine osalabadira.

Pofika Lachisanu inkatenga theka la ola kuti itsegule foda imodzi. Ndinaimbira asisi ku Ndola. Iwo anati pafupi ndi kwawo ku Lubuto kuli mdala wina wokonza makompyuta amene ali ndi kantemba ku Masala, ndipo ali ndi sola. Loweruka m'mawa ndinakulunga laputopu m'juzi, n'kukwera basi ya ku Ndola, ulendo wa makilomita pafupifupi 60, chikwama ndachifungatira pamiyendo.

Ba mudala aja anali Mubemba wa imvi, magalasi ali pamphuno. Atamva kalankhulidwe kanga anayamba chimbuya nthawi yomweyo. "Wakum'mawa! Walowetsa mbewa mu kompyuta kuti ukadye mawa?" Ndinawayankha kuti mwina ndi kolwe wawo amene analumphiramo. Anaseka, anayatsa laputopu, n'kuika khutu pafupi ndi kiyibodi. Kuseka kunatha. Anaizimitsa msangamsanga.

"Mwaiche, backup ili kuti?"

"Ili pa D, ba mudala."

Sanayankhe. Anatembenuza laputopu, anamasula tizitsulo tinayi, n'kusolola kabokosi kopyapyala kosaposa chikhatho changa. Anakaika patebulo.

"Iyi ndiye hard drive yako. Manje nionetse, C ili pati, D ili pati?"

Ndinakayang'ana kabokosi kaja. Kanali kamodzi.

Anandifotokozera m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka kuti C ndi D zinali zipinda ziwiri za nyumba imodzi. Amene anaika Windows anangogawa draivu imodzi pawiri. Kusamutsa katundu kuchoka kuchipinda kupita pabalaza kumathandiza ngati denga likudontha mbali imodzi, koma nyumba ikagwira moto zonse zimapsera limodzi. Zaka zisanu ndinkakopera mafailo anga kuchoka pa draivu kupita pa draivu yomweyo, n'kumagona mtima uli m'malo.

Kenaka anatenga draivu ina yakufa yomwe anaitsegula kale kuti azionetsa makasitomala. Mkati munali kambale kozungulira konyezimira ngati galasi, ndi kamkono kachitsulo kokhala ndi kamutu kakang'ono kunsonga. Mu laputopu zambiri kambaleko kamazungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, kutanthauza maulendo 90 pa sekondi. Kamutu kaja kamawerenga ndi kulemba ndi mphamvu ya maginito, ndipo sikakhudza kambale. Kamayandama pamwamba pake, pampata wochepa kwambiri moti tsitsi la munthu ndi lonenepa kuuposa maulendo masauzande. Kakangogunda kambale, malo amenewo akalika, ndipo zomwe zinali pamenepo zapita. Phokoso lomwe ndinkamva linali la kamkono kakulephera kupeza malo ake, n'kumabwerera poyambira mobwerezabwereza. Nthawi iliyonse imene ndinkayatsa kuti ndione ngati yachira, ndinkaonjezera bala.

Ndinafunsa ngati ndi kuthimathima kwa malaiti komwe kunaipha. Anati mwina kunathandizira, monganso kuinyamula m'chikwama isanazime bwino, koma draivu iliyonse imafa tsiku lina ngakhale uisamale bwanji, chifukwa ndi chinthu chozungulira ndipo chimatha. Anati ya mtundu wa SSD ilibe chozungulira, koma nayonso imafa, ndipo kawirikawiri imafa mwakachetechete, osayamba yalira.

Anandituma kukagula draivu yatsopano ya 1 TB, chifukwa yolandira iyenera kukhala yofanana kapena yokulirapo kuposa yodwala, yomwe inali ya 500 GB. Ndalama yake ndinabwereka kwa asisi. Inali ndalama yomwe ndinkaitha pa mabandulo m'miyezi yowerengeka chabe, ndipo kwa zaka zisanu ndinkati ndilibe.

Nditabwera nayo, ba mudala anamata kapepala pa draivu iliyonse. Pa yakale analemba ODWALA, pa yatsopano analemba CHIPATALA. Ndinaseka, iwo osaseka. Anati pantchito imeneyi cholakwa chachikulu n'kusokoneza kochokera ndi kopita. Pulogalamu yokopera draivu yonse sifunsa kuti iti ndi yofunika. Ukaiuza mozondoka, imatenga draivu yopanda kanthu n'kuilemba pamwamba pa yodzaza, ndipo umatsala ndi madraivu awiri opanda kanthu. Analumikiza onse awiri ku kompyuta yawo yaikulu, anayatsa Linux kuchokera pa fulashi, n'kuwerenga manambala a pa sikirini katatu akufanizira ndi olembedwa pa madraivuwo. Anandiuza kuti nanenso ndiwerenge mokweza.

Pulogalamu yomwe anagwiritsa ntchito ndi yaulere, dzina lake ddrescue. Kukopera wamba kukafika pamalo owonongeka kumakakamira pomwepo, draivu n'kumavutika mpaka kufa. Iyi imayamba yatenga zonse zowerengeka mosavuta, kudumpha malo ovuta, n'kumalemba pomwe yadumpha. Ikamaliza m'pamene imabwerera kukatolera zotsala pang'onopang'ono. Ndi mmene amachitira munthu amene nyumba yake ikulowa madzi: amayamba watulutsa ana ndi thumba la ufa, za pansi pa bedi pambuyo. Ndipo popeza imasunga kaundula wa pomwe yafika, moto ukathima imadzapitiriza pomwe inalekera.

Inatenga masiku awiri. Ndinagona kwa asisi, ngati kumeneko n'kugona. Lamulungu nditachoka kutchalitchi ndinapita ku Masala kukangoyang'ana manambala akuyenda pa sikirini. Ba mudala, pofuna kundichotsa maganizo, anandiuza kuti ngakhale akatswiri zimawagwera. Mu 1998 kampani ya Pixar ku America inatsala pang'ono kutaya filimu ya Toy Story 2 isanatuluke. Munthu wina analemba lamulo lofufuta pamalo olakwika, mafailo ambiri a filimuyo n'kupita. Atathamangira ku backup anapeza kuti inali itasiya kugwira bwino ntchito, popanda amene anazindikira. Anawapulumutsa ndi mayi wina wa pakampanipo, Galyn Susman, yemwe ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi khanda, ndipo anali ndi kope la filimuyo pa kompyuta ya kunyumba kwake.

Lolemba masana ddrescue inaonetsa kuti yapulumutsa 99.9 peresenti. Ndinalumpha. Ba mudala anandipatsa kakyuleta kuti ndiwerengere ndekha. Gawo lotsalalo, pa draivu ya 500 GB, ndi 500 MB. Funso linali lakuti mabowo amenewo agwera pa chiyani.

Tinatsegula foda ya ambuya. Failo yoyamba inalira, mawu awo n'kudzaza kantemba konse, akundikalipira kuti ndasendeza foni pafupi kwambiri ndi pakamwa pawo. Ba mudala anavula magalasi n'kutuluka panja, ati akukagula madzi. Mafailo 11 anali athunthu. Awiri ankaduka pakati n'kudzapitiriza patsogolo. Imodzi inakaniratu kutseguka. Tinayesa mapulogalamu atatu osiyanasiyana, koma mkati mwake munali mopanda kanthu. Inali ya nambala 9.

Ndinafika kunyumba usiku, kuli mdima, amama akuphika pa mbaula. Ndinawafotokozera zonse, za C ndi D, za draivu yachiwiri, ndi zomwe ba mudala anandilangiza, kuti ndigule inanso yachitatu izikhala kwa asisi ku Ndola. Ndinkaganiza kuti sakumva. Iwo anangoti, "Ndiye kuikiza kumeneko. Zachilendo n'ziti pamenepa?"

Anandikumbutsa kuti kumudzi munthu wa nzeru sasunga ziweto zake zonse m'khola limodzi. Nkhuku zina amakaikiza kwa mbale wa kutsidya kwa dambo, kuti chitopa chikalowa m'mudzi asatsale manja okha. Mbuzi chimodzimodzi, chifukwa cha akuba ndi afisi. Ambuya eniakewo, ali ku Wusakile, anali ndi mbuzi zomwe anaikiza kwa alongo awo ku Katete, ndipo n'zomwe anayambira moyo atabwerera. Amama anaonjezera kuti woikiza sangokhala. Amapita kukaziona nthawi ndi nthawi, chifukwa ena anadzapeza khola lili mbee patapita zaka, iwo akuwerengera mbuzi zomwe zinafa kale. Ndinakumbukira anthu a ku Pixar ndi backup yawo.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti akatswiri ali ndi lamulo lomwe amalitcha 3-2-1, limene analitchukitsa wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh: makope atatu a chinthu chofunika, pa zosungira za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali ndi nyumba. Ndinadzamvanso kuti zikalata zakale za bungwe la Mineworkers Union of Zambia, lomwe likulu lake lili ku Katilungu House mu Kitwe momwemuno, zinajambulidwa n'kuikidwa m'makompyuta mothandizana ndi International Institute of Social History ya ku Amsterdam. Mbiri ya anthu onga ambuya aamuna inaikizidwa kutsidya kwa nyanja, pamene ine mdzukulu wawo ndinalephera kuikiza mawu a akazi awo ku Ndola.

Lero ndimachita motere. Draivu imodzi imakhala kunyumba, m'kabati, yosalumikiza. Lamulungu lililonse madzulo ndimailumikiza, kukopera zatsopano, n'kuichotsanso, chifukwa draivu yokhala yolumikiza nthawi zonse imadwala limodzi ndi kompyuta: vairasi ikalowa kapena magetsi akabwera ndi mphamvu yoposa, zonse ziwiri zimapita. Draivu inayo imakhala kwa asisi ku Lubuto. Kumapeto kwa mwezi ndikapita kukawaona ndimasinthanitsa, ya kunyumba kutsala kumeneko, ya kumeneko kubwera nayo. Ndisanachoke ndimatsegula mafailo angapo pa draivu yomwe ndasiyayo, kuimba nyimbo imodzi ya ambuya mpaka kumapeto, kuti ndione ndi maso kuti mbuzi zilipo. Mafailo a ambuya ndi masatifiketi ndinawaikanso pa Google Drive, pomwe amapereka 15 GB yaulere, ndipo ndinawatumiza kwa abale anayi. Laputopu ndinaigulira batire.

Sindikopera draivu yonse sabata iliyonse. Windows ndi mapulogalamu munthu ukhoza kuikanso tsiku limodzi. Chomwe ndimayamba nacho n'chomwe sichingapezekenso kwina kulikonse. Ndikafunsa anzanga a ku CBU komwe kuli pulojekiti yawo ya chaka chomaliza, ambiri amandionetsa fulashi imodzi yomangirira ku makiyi, yomwe yalowa m'makompyuta a m'ma cafe onse a ku Riverside. Oimba a m'komboni mwathu ali ndi nyimbo zaka zitatu pa kompyuta imodzi ya mu situdiyo. Ndikawauza za ine amagwedeza mutu n'kunena kuti adzagula draivu mwezi wamawa. Sindiwaseka, chifukwa mawu amenewo ndinawanena zaka zisanu.

Usiku womwe ndinabwera ku Ndola uja, titadya, ndinaika mafailo pa foni ya mng'ono wanga n'kuyatsa. Tinakhala mumdima atatu kumvetsera ambuya akusimba za sitima ya ku Kopala. Amama sanalankhule mpaka failo inatha. Kenaka ndinawauza za nambala 9, ndi zomwe zinali mkati mwake.

Anakhala chete kanthawi, n'kundiuza kuti nditenge kope ndi bolopeni. Ndinayatsa tochi. Anatchula dzina la ambuya, la amayi awo a ambuya, ndi la ambuya awo a ambuya, aliyense ndi mudzi wake. Pa lachinayi anaima. Analiyesa kawiri, n'kupukusa mutu. M'mawa mwake tinaimbira amama aakulu ku Katete, omwe anafunsa nkhalamba ina ya m'mudzi, ndipo patapita masiku atatu anatitumizira dzina lachinayi, koma mudzi wake sanaudziwe. Lachisanu palibe amene akulikumbukira. Ine ndinalimva kamodzi, pakhonde paja mu 2019, maso ali pa foni kuona ngati ikujambula.

M'kope muja ndinalemba manambala 1 mpaka 5, ndipo mzere wachisanu ndinausiya wopanda kanthu. Tsambalo ndinalijambula n'kuliika pa madraivu onse awiri. Amama akuti August akubwerayu tipite limodzi kumudzi, kuli nkhalamba ina kutsidya kwa mtsinje yomwe inakula ndi ambuya, mwina ingalidziwe. Ndagula kale kope lina loti ndikalembemo pomwepo.